Gologolo saomberedwa tsiku logula mfuti

ULÓNGUÈ — Pakati pa katundu amene ana athu amabwera naye pochokera ku Joni, pambali pa mabulangete, mafoni ndi magalasi a sola, nthawi zina pamapezeka bokosi lalitali lopyapyala. Mkati mwake mumakhala mfuti ya mpweya, ija m'Chipwitikizi amati pressão de ar. Ilibe wonga, silira ngati mfuti za nkhondo, ndipo chipolopolo chake n'chochepa kuposa njere ya chimanga. Pa chifukwa chimenechi anthu ambiri amaiyesa choseweretsa. Bokosi likangotsegulidwa, anyamata amayamba kuyang'ana m'mitengo, ndipo nyama yoyamba kubwera m'mutu ndi gologolo, wakuba mtedza, mango ndi chimanga cha m'nkhokwe.

Owerenga athu a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Moatize, Mutarara, Milange ndi Mandimba, nkhani ya lero ndi ya munthu amene ali ndi mfuti yotereyi, kapena akuganiza zogula. Kusaka gologolo ndi mfuti ya mpweya si mwambo wa makolo athu. Iwo anali ndi diwa, khwekhwe, uta ndi agalu, kenako kunabwera legeni. Luso limeneli linakulira kwina, makamaka ku Britain ndi ku America. N'chifukwa chake tiyamba tamva mmene eni ake amachitira. Iwo anaphunzira kale, ndipo maphunziro ake anawalipira ndi maso a anthu, ngakhalenso ndi moyo wa ana.

Mlendo amene anathamangitsa mwini mudzi

Ku Britain, mwini dziko ndi gologolo wofiira. Mu 1876 munthu wina wachuma anamasula agologolo otuwa ochokera ku America pamalo ake otchedwa Henbury Park, m'chigawo cha Cheshire, kuti alendo ake aziwaona ndi kusangalala. Achuma anzake anachita nsanje, naonso anaitanitsa awo. Palibe anaganiza za mawa. Gologolo wotuwa amalemera pafupifupi theka la kilogalamu, amadya mbewu za m'nkhalango wofiira asanazifikire, ndipo choipitsitsa n'chakuti amanyamula nthomba ya agologolo imene iye simupweteka, koma wofiira imamupha m'masabata ochepa. Lero otuwa alipo oposa 2 miliyoni, pamene ofiira sakwana 300,000, ndipo ambiri a iwo atsalira kumpoto, ku Scotland. Otuwawo amasendanso makungwa a mitengo yaing'ono, mtengo n'kuuma kunsonga kapena kuvunda usanafike pocheka matabwa.

Boma la kumeneko linayesa njira zambiri. Mu 1937 linaletsa kuitanitsa ndi kuweta gologolo wotuwa. Mu 1953 linayamba kulipira sheleni imodzi pa mchira uliwonse, mu 1956 linakweza kufika masheleni awiri, ndipo pofika 1958 linasiya. Michira inabwera yoposa miliyoni, koma agologolo m'nkhalango sanachepe. Pamalo pamene zinathekadi, monga pachilumba cha Anglesey, panatenga zaka zochokera 1998 mpaka 2013, ndipo ntchito yaikulu inagwiridwa ndi misampha yoyenderedwa tsiku ndi tsiku. Amene akuganiza kuti mfuti imodzi itha agologolo onse a m'dimba mwake asunge nkhani imeneyi.

Masiku ano munthu wa ku Britain amaloledwa kuombera gologolo wotuwa chaka chonse, malinga ngati mwini malo wamulola. Ambiri amasankha mfuti ya mpweya chifukwa siopsa ziweto ndi phokoso, ndipo chipolopolo chake sichipita kutali ngati cha mfuti ya wonga. Koma lamulo lake si lofewa. Ku England ndi ku Wales, mfuti yosapyola mphamvu ya 16 joules siifuna chiphaso, koma wogula ayenera kukhala wa zaka 18, ndipo chipolopolo chikangodutsa malire a malo amene mwaloledwa, umenewo ndi mlandu. Ku Scotland, kuyambira kumapeto kwa 2016, aliyense wokhala ndi mfuti ya mpweya ayenera kukhala ndi chiphaso cha apolisi. Chimene chinadzutsa anthu kumeneko ndi maliro a mwana wa zaka 2 amene analasidwa m'mutu mu mzinda wa Glasgow mu 2005. Mfuti imene inamupha ndi ya mtundu womwewu umene ena kuno akuupatsa ana kuti aziseweretsa.

Ku America nkhani ndi ina. Kumeneko gologolo ndi wa komweko, ndipo ndi ndiwo yodziwika kuyambira kale. Ana ambiri a kumidzi amayambira pa iye kuphunzira ulenje, ali pambali pa bambo kapena agogo awo. Chigawo chilichonse chimaika miyezi yake yosakira ndi chiwerengero cha agologolo amene munthu angaphe pa tsiku, ndipo mlenje amagula chiphaso.

Wathuyu si mlendo

Tibwere kwathu. Gologolo amene timamuona kwambiri m'tchire la tsanya kumunsi kwa Tete ndi m'mitengo ya m'mphepete mwa minda ndi wamng'ono, wolemera pafupifupi magalamu 200. Amagona m'mphako, amaswa ana ochepa, m'modzi kufikira atatu, ndipo amakwirira mbewu zimene zina amaziiwala n'kumera. Sanabwere pa sitima. Chifukwa chimene a ku Britain amaphera wawo, kuti ndi mlendo woononga, kuno sichigwira ntchito. Kuno zifukwa zomveka ndi ziwiri zokha: kuteteza mbewu pamene akuonongadi, ndi kupeza ndiwo.

A ku Milange ndi oyandikana nawo amvetse izi. Pa phiri la Namuli, m'boma la Gurué, pali mtundu wa gologolo umene akatswiri anaulemba m'mabuku mu 1950 ndi dzina loti Paraxerus vincenti, ndipo uli pa mndandanda wa nyama zimene zatsala pang'ono kutha. Nkhalango yake ikuchepa chifukwa cha minda ndi moto. Gologolo wa m'nkhalango za pamwamba pa mapiri musiyeni. Sanakudyereni mtedza.

Ulendo woyamba ndi wa ku ofesi

Ku South Africa, lamulo la mfuti la chaka cha 2000 silifuna chiphaso pa mfuti ya mpweya ya kamwa kochepera mamilimita 5.6. N'chifukwa chake mwana wanu anaigula m'sitolo ku Johannesburg monga mogulira wailesi. Koma lamulo la ku South Africa limathera pa Beitbridge. Kuchoka apo pali Zimbabwe, pali Cuchamano, ena amadzera Zóbuè kapena Calómuè, ndipo dziko lililonse lili ndi malamulo ake. Mfuti yobisa pansi pa mabulangete ikapezeka pa alfândega, nkhani yoti ndi ya mpweya chabe imakafotokozedwa munthu ali kale m'manja.

Kuno ku Moçambique nkhani za zida zili m'manja mwa apolisi a PRM, ndipo nyama zakutchire ndi chuma cha Boma, zikhale njovu, zikhale gologolo. Lamulo la nkhalango ndi nyama la 1999, Lei 10/99, linaika ziphaso za ulenje, ndipo lamulo la 2014 loteteza zachilengedwe, limene linakonzedwanso mu 2017, linakweza zilango kufika zaka 16 za ndende kwa opha nyama zotetezedwa. M'malo otetezedwa, monga Parque Nacional do Mágoè imene inakhazikitsidwa mu 2013, simusakidwa kanthu. Miyezi ya mvula ulenje umatsekedwa kuti nyama ziswane. Choncho tengani risiti yogulira ndi pepala la m'bokosi limene likuonetsa kukula kwa kamwa ndi mphamvu ya mfuti, mupite ku comando ya polisi ya boma lanu, kenako ku ofesi ya SDAE, mukafunse chimene chikufunika. Mukabwera kumeneko muuzenso amfumu.

Ena adzati tikukulitsa nkhani ya kanthu kakang'ono. Koma midzi yathu ino ikukumbukira. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo kuyambira 1995 mipingo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, inayendayenda kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Mayi amene anagona m'tchire zaka zimenezo akaona mnyamata atapachika mfuti paphewa sayamba wafunsa kuti ndi ya wonga kapena ya mpweya. Msilikali wa m'malire amene ali pa mtunda wa mamita 100 naye sangasiyanitse. Poyenda nayo ikulungeni m'thumba, ilibe chipolopolo. Ndipo a ku Tsangano ndi Angónia akudziwa kuti malo ena malire ndi msewu chabe: ukatsata gologolo mitengo itatu, waponda Malawi uli ndi mfuti m'manja.

Mfuti yake iti?

Mitundu imene mungakumane nayo ndi iwiri. Woyamba ndi wothyola pakati: mumapinda mpope, sipuling'i ya mkati, ija timati mola, imakanikizika, mumaika chipolopolo chimodzi, n'kuwongolanso. Siifuna china chilichonse koma dzanja lanu. Wachiwiri uli ndi thanki ya mpweya, m'masitolo amati PCP. Umenewu ndi wosavuta kulasira chifukwa sudumpha, koma ndi wodula, ndipo thanki yake imadzazidwa mpaka 200 bar, pamene tayala la galimoto yaing'ono limangofuna 2 bar ndi pang'ono. Pampu ya njinga singathe. Ndipo wina asadzakunamizeni kuti mudzaze ndi mpweya wa m'mabotolo a owotcherera zitsulo. Mpweya umenewo ukakumana ndi mafuta a mkati, thanki imaphulika m'manja. Kwa munthu wa kumudzi amene akuyamba kumene, ife tikuona kuti yothyola pakati ndiyo yoyenera. Maina amene mudzawaona kawirikawiri ndi Gamo ya ku Spain, Hatsan ya ku Turkey, Diana ndi Weihrauch za ku Germany, BSA ya ku England, ndi zambiri zotchipa za ku China.

Kamwa kake kamakhala ka mamilimita 4.5 kapena 5.5. Kachipolopolo ka 4.5 kamalemera pafupifupi theka la galamu, kamathamanga kwambiri ndipo kamayenda mowongoka. Ka 5.5 kamalemera pafupifupi galamu imodzi, kamagwa msanga koma kamamenya molemera. Alenje a ku Britain akhala akukangana za iwiriyi kwa zaka zambiri, ndipo sanamalize. Kwa gologolo wathu wa magalamu 200 zonse zimakwana. Funso la nzeru ndi lakuti: ndi tizipolopolo titi timene timapezeka ku Tete, ku Ulónguè kapena ku Mocuba? Mfuti yopanda chumbinho ndi ndodo.

Musatengeke ndi manambala akuluakulu a liwiro olembedwa pa bokosi. Mfuti ya sipuling'i yamphamvu kwambiri imalimba popinda, imadumpha kwambiri, ndipo woyamba kumene amangophonya nayo. Galasi loonera patali nalo si lofunika tsiku loyamba. Mfuti ya sipuling'i imagwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo magalasi otchipa imawamasula mkati pasanapite nthawi. Tizitsulo tiwiri toyang'anira timene inabadwa nato ndi tokwanira pa mamita 15 kapena 20.

Katoni ayambe wafa

Apa ndiye pagona nkhani. Malo amene amapha gologolo pomwepo ndi ubongo, pakati pa diso ndi khutu, iye atayang'ana cham'mbali. Malo amenewo sakula kuposa chitsekerero cha botolo la Fanta. Mukalasa pamimba kapena pantchafu, nyama imathawira m'mphako n'kukafera momwemo patapita masiku. Inu mulibe ndiwo, iyo yazunzika pachabe. Choncho lamulo la alenje odziwa ndi ili: mtunda wanu wosakira ndi umene mungathe kuika tizipolopolo 5 totsatizana mkati mwa chitsekerero chija. Ngati mukutha pa mamita 10 okha, mtunda wanu ndi mamita 10. Ngakhale odziwa a ku Britain, ndi mfuti zawo zabwino, kawirikawiri sapyola mamita 30.

Pezani chulu chachikulu kapena chigwembe cha dothi lofewa, kutali ndi njira. Imikani katoni patsogolo pake, jambulanipo chitsekerero ndi khala. Yesani mtunda ndi chingwe kapena ndi mapazi, phazi lalikulu limodzi ndi pafupifupi mita. Yambirani pa mamita 10, mutakhala pansi. Musayambe kusintha toyang'anira mukangophonya kamodzi. Ombani kasanu mukuyang'ana malo amodzimodzi, muone pamene tizipolopolo tasonkhana, ndiye musunthe kachitsulo ka kumbuyo kulowera kumene mukufuna kuti tipite. Tikabalalika katoni yense, vuto si toyang'anira. Mwina ndi maparafuzo a pa thabwa amene amasuka, mwina ndi mtundu wa tizipolopolo, koma kawirikawiri ndi kagwiridwe.

Mfuti ya sipuling'i ili ndi khalidwe lake. Imayamba kugwedezeka kachipolopolo kasanatuluke. Mukaikumbatira mwamphamvu lero, mawa mofooka, ilasa malo awiri osiyana. Igoneni pachikhatho chotambasula, muigwire monga mogwirira mwanapiye, ndipo dzanja likhale pamalo omwewo nthawi zonse. Musaitsamiritse pa mwala kapena pa nthambi youma popanda dzanja pansi pake. Tulutsani mpweya pang'ono, imani, finyani chokhethemulira pang'onopang'ono osachikoka mwadzidzidzi, ndipo diso likhalebe pa chandamale mpaka mutamva kuti kafika. Ambiri amadzutsa mutu msanga kuti aone ngati alasa, ndipo n'chimene chimawaphonyetsa.

Mukakhoza pa 10, pitani pa 15, kenako 20. Mudzaona kuti kachipolopolo kamayamba kugwa, ndipo mphepo ya mwera imakakankhira pambali. Zimenezi sizilembedwa pa bokosi, mumaziphunzira pa katoni. Chitini chimodzi chimakhala ndi tizipolopolo 250 kapena 500. Chitini choyamba chithere pa katoni. Munthu amene akuona kuti kumeneko n'kutaya ndalama ndiye amene adzataye zambiri m'mitengo. Mukapeza mtundu umene mfuti yanu imagwirizana nawo, makamaka ta mutu wozungulira, musasinthesinthe.

Zinthu zitatu zimaononga mfuti ndi zala. Poika chipolopolo, dzanja limodzi ligwirebe mpope wopindawo, chala chili kutali ndi chokhethemulira, chifukwa ukabwerera wokha umadula chala ndi kupindika. Musaombe mfuti ya sipuling'i mulibe chipolopolo, mumaphwanya za mkati. Ndipo musathire mafuta a injini kapena ophikira m'kabowo ka mpweya. Mafutawo amayaka ndi kukanikizika, mfuti imalira ngati ya wonga, anyamata amakondwa kuti yawonjeza mphamvu, koma mphira wa mkati wapsa. Misomali, timiyala ndi njere za nthochi zakutchire si zipolopolo.

Kuseri kwa gologolo kuli yani?

Funso limeneli ndi lalikulu kuposa onse, chifukwa gologolo amakhala m'mwamba. Kachipolopolo ka 4.5 kamatuluka pa liwiro loposa mamita 200 pa sekondi imodzi. Mukaloza m'mwamba n'kuphonya, kangathe kuyenda mamita oposa 300, ndiko kuti mabwalo a mpira atatu, ndipo inu simuona kumene kagwera. Kumudzi kwathu mamita 300 ndi chiyani? Ndi mayi wotola nkhuni, ndi ana oweta mbuzi m'dambo, ndi chitsime, ndi bwalo la sukulu. Pafupi, kachipolopolo kamaboola diso, kamalowa m'khosi, ndipo pa mwana kamaboola chigaza. Kakamenya mwala, chitsulo, madzi kapena mtengo wouma wolimba ngati tsanya, kamanjanja n'kubwerera kumene simunaganize.

A ku Britain anapeza njira yochotsera vuto limeneli, ndipo ndi njira imene ingagwire bwino kuno. M'malo mothamangitsa gologolo m'nthambi, amamuitanira pansi. Amakhomera kabokosi ka chakudya pa thunthu la mtengo waukulu, cha m'chiuno kapena pachifuwa, amathiramo tirigu, chimanga kapena mtedza, ndipo amakasiya masabata awiri kapena atatu osaombera, kungowonjezera chakudya mpaka agologolo azolowere. Kuseri kwake amaonetsetsa kuti kuli thunthu lonenepa kapena mtumbira wa dothi. Kenako amamanga kachisakasa pa mamita 15 kapena 20, mtunda umene anauyeza kale, n'kukhalamo. Gologolo akatenga njere amakhala tsonga n'kuigwira ndi manja awiri, mutu uli phee. Nthawi yake ndi imeneyo. Mtunda mukuudziwa, kuseri mukukudziwa, nyama yaima.

Ife tili ndi mwayi woposa iwo, chifukwa chulu chili paliponse. Ikani chiguduli cha chimanga kapena mtedza wa makoko patsinde pa chulu cha m'mphepete mwa munda, mbali yosayang'ana kumudzi. Pa nkhokwe ya pakhomo ndi pa mango wa pabwalo musaomberepo, ngakhale gologolo akunyozeni bwanji. Pamenepo mpoyenera msampha, ndi kudula nthambi zimene zikufika pa denga la nkhokwe.

Kukhala chete

Gologolo amatuluka dzuwa likangotuluka, nthawi yozizira amayamba waothera dzuwa pa nthambi, ndipo amabweranso chakumadzulo. Masana otentha amapuma. Fikani iye asanadzuke. Zovala zikhale zosawala, nkhope ikhale mumthunzi, ndipo foni izimitsidwe. Maso ake amagwira msanga chinthu choyenda kuposa chinthu chongokhala, ndiye kwezani mfuti pamene iye waweramira chakudya. Akakuonani amalira mokalipa, mchira ukugwedezeka, ndipo anzake onse amamva. Musamutsate. Amazungulira kuseri kwa thunthu inu mukamazungulira, mpaka mutatopa. Khalani pansi mphindi 15 kapena 20, tchire lidzaiwala.

Pitani awiri ngati mukufuna, koma mfuti ikhale imodzi, ndipo mnzanuyo akhale kumbuyo kwa phewa lanu. Galu atsale kunyumba. Kachasu ndi mfuti siziyendera limodzi, zimenezo n'zosachita kunena.

Mukalasa bwino m'mutu, gologolo amagwa n'kuphupha miyendo kwa kanthawi. Kumeneko ndi kuphupha kwa thupi chabe. Koma ikani chipolopolo china msanga, muyang'ane. Ngati akudzutsa mutu kapena kukwawa, yandikirani mumalize pomwepo. Musamugwire ndi manja ali moyo, mano amene amaswa mtedza wouma amafika pa fupa la chala. Mukaona wamkazi wa mawere otupa, mlekeni apite, m'mphako muli ana. Ndipo pamalo amodzi musathe onse. Awiri kapena atatu amene azolowera munda wanu ndiwo akuba. Otsalawo ali ndi ntchito yawo m'tchire.

Kuchoka pa chulu kufika pa mbale

Gologolo ndi mbale wake wa khoswe ndi mbewa, ndipo amakhala ndi nthata. A ku Mutarara akukumbukira chaka cha 1994, pamene mliri wa makoswe, peste bubónica, unadwalitsa anthu oposa 200 m'bomalo. Matenda amenewa amayenda ndi nthata zochoka pa nyama yakufa kufunafuna thupi lofunda. Choncho gologolo amene mwamupeza atafa yekha, kapena wofooka wosathawa munthu, musamutole. Amene mwapha musamuike m'thumba la malaya. Mponyeni m'thumba la pulasitiki, mumange, kapena muwauleni pa moto msanga. Ngati m'mudzi makoswe ayamba kufa okha, siyani ulenje mukauze a chipatala. Munthu akatentha thupi ndi kutupa mwanabere m'khwapa kapena m'mphechepeche atagwira nyama yotere, apite ku chipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala ake alipo ndipo amagwira akafulumira.

Tumbulani msanga nyama isanatenthe ndi dzuwa, sambani m'manja ndi sopo, ndipo phikani mpaka ipse bwino. Kachipolopolo ndi ka mtovu, ndipo mtovu ndi poizoni amene amaononga ubongo wa ana pang'onopang'ono. Kafufuzeni mukachotse pamodzi ndi nyama yozungulira bala. Mukalasa m'mutu, tayani mutuwo. Chizolowezi chosunga tizipolopolo m'kamwa kuti muziika msanga, chimene anyamata amachikonda, chisiyeni. Sungani m'kachitini kapena m'kathumba ka nsalu.

Tinene zoona pa nkhani ya phindu. Mukachotsa chikopa, mutu ndi matumbo pa nyama ya magalamu 200, chotsala sichidzaza dzanja. Amene akugula mfuti kuti adyetse banja achita bwino kugula nkhuku zoweta kapena akalulu. Ubwino wa mfuti ya mpweya uli pena: imasankha. Moto wosakira mbewa umatentha tchire lonse, udzu wofolera ndi mitengo yaing'ono. Mankhwala a makoswe amapha nkhuku, galu ndi kadzidzi amene amatithandiza kudya makoswewo. Khwekhwe amagwira chilichonse chodutsa. Mfuti m'manja mwa munthu amene anamaliza chitini chake pa katoni imatenga nyama imodzi imene waiona ndi maso, n'kusiya zina zonse. M'manja mwa amene sanaphunzire, imathera pa mbalame za pabwalo, nkhunda za aneba ndi milandu ya kwa amfumu.

Pobwera kuchokera kumunda, musalowe nayo m'mudzi ili yopinda kale. Ngati muli chipolopolo, omberani m'dothi lofewa la pa chulu musananyamuke, chifukwa mfuti yambiri yothyola pakati ilibe njira ina yabwino yotsitsira sipuling'i, ndipo sipuling'i yogona yokanikizika imafooka. Pukutani chitsulo ndi kansalu ka mafuta pang'ono, makamaka miyezi ya chinyezi. Mfuti ikhale m'bokosi lokhoma, tizipolopolo tikhale pena, ndipo makiyi akhale ndi munthu wamkulu. Mwana wofuna kuphunzira aphunzire pa katoni, pa chulu, bambo kapena malume ake ali pambali pake, ndipo akamaliza mfuti ibwerere m'manja mwa wamkuluyo asanapite kukaona pamene walasa.